Waya wa M'kamwa ndi Nkhuku ya Apongozi

Ndikanadziwa kuti tsiku langa loyamba kwa apongozi lidzathera pogona chagada pamphasa, mayi wa mwamuna wanga atandigwira chibwano uku akuitanitsa chodulira zikhadabo, bwenzi nditanamizira malungo n'kukhala kunyumba. Koma munthu sadziwiratu, ndipo ine makamaka ndimadziwa zinthu zikachitika kale.

Ndiyambe ndi mano. Ine ndine wa ku Zomba, ndipo ndinabadwa bwinobwino, koma mano anga atayamba kumera anachita ngati anthu olimbirana minibasi ya madzulo. Aliyense analowa pomwe wapeza mpata, wina kukhala chammbali, wina pamiyendo pa mnzake. Dzino limodzi lakumtunda linasoweratu malo n'kungoima pakhomo ngati kondakitala. Kusukulu anandipatsa mayina osiyanasiyana, ndinawazolowera. Ndinaphunzira kuseka nditaphimba pakamwa ndi dzanja, mpaka azimayi a kutchalitchi ankandiloza kwa ana awo kuti aone mtsikana waulemu (ulemu wake unali wa dzino lomwelo).

Ku Mzuzu ndinabwera kudzagwira ntchito ya ulembi mu dipatimenti ina pa yunivesite, nthawi imene mzindawu unayamba kutambasuka, nyumba zikumera ku Lupaso ndi ku Nkhorongo m'malo omwe anthu amati kale kunali minda ndi mitengo yokhayokha. Ndinapeza kanyumba ka lendi ku Lupaso, ndipo moyo unandikomera. Chinandivuta ndi kuzizira kokha. Munthu wa ku Zomba amadziyesa wodziwa kuzizira mpaka atakumana ndi mvula yamawawa ya kuno, ija yoyamba m'mawa osakuuza kuti isiya liti. Mankhwala ake ndinawapeza mu tiyi. Tiyi podzuka, tiyi pofika muofesi, tiyi polandira mlendo, tiyi mlendoyo atapita. Patapita zaka zingapo mano anga opanikizana aja anali atatenganso mtundu wa kapu yakale.

Ophunzira ena, makamaka atsikana ochokera ku Lilongwe, ankabwera muofesi mwanga atavala mawaya owongolera mano, omwe iwo amati mabulesi. Ndinkawasirira. Kale zoterezi zinkafuna ulendo wautali, koma m'tauni munatsegulidwa kiliniki ya mano komwe dokotala wa mawayawa ankabwera kuchokera ku Lilongwe kamodzi pamwezi. Ndinapita, anandiyeza, anandijambula nsagwada, n'kundipatsa tsiku loti adzandimange.

Pa nthawiyi n'kuti ndili pa chibwenzi ndi Vitumbiko, mnyamata wa ku Zolozolo amene ankakonza makompyuta pa yunivesite pomwepo. Vitu ndi munthu wofatsa, wosachedwa kuseka. Nditamuuza za mawaya anangondiyang'ana.

"Dzino limenelo lakulakwira vichi? Ine ndi lomwe ndinayamba kuliona," anatero, akusakaniza ndi Chitumbuka cha kwawo.

"Ndiye vuto lake limenelo," ndinamuyankha.

Zinangochitika kuti sabata imene dokotala ankabwera ndi yomwenso Vitu anakonza zokandionetsa kwa mayi ake, a NyaKumwenda. Mawaya Lachiwiri, apongozi Loweruka. Munthu wanzeru akanasuntha chimodzi. Ine ndinaona kuti zagwirizana bwino. Ndinaganiza kuti mayiwo akaona mawaya adziwa kuti dzino lija likukonzedwa, sadzadandaula kuti adzukulu awo adzatengera (ngati kuti waya amafika mpaka m'magazi).

Tsopano alowe Tiwonge. Tiwonge ndi mnzanga wapamtima, ali ndi saluni m'tauni, ndipo amapita kumalire a Tanzania kukapikula mafuta odzola, mawigi ndi zina zomwe ngakhale iye sadziwa bwino ntchito yake. Ndinamufotokozera zonse akundiluka tsitsi. Anasiya kuluka, anazungulira n'kudzaima kutsogolo kwanga.

"Taseka."

Ndinaseka.

"Mnyane, waganiza makora, waganiza bwinobwino? Mawayawo akakumanga, zaka ziwiri mano ako ali m'ndende. Sono ukufuna alowe m'ndende ali achikasu choncho? Potuluka adzakhala bwanji?"

Mfundoyo inandilowa. Anatsegula kabati n'kutulutsa kabokosi kokongola, pachikuto pali mzungu akuseka ndi mano owala ngati mbale zatsopano. M'katimo munali kachubu ka mankhwala onga phala loonekera, ndi kapulasitiki kovala m'mano konga kaja amaluma ankhonya.

"Iyi ndi yeniyeni. Osati zija za makala ndi soda. Amama a Vitu akakuona angoti yewo chomene mwana wane, wandibweretsera dzuwa m'nyumba."

Kapepala ka m'bokosimo kankanena kuti munthu azivala kanthawi kochepa tsiku lililonse kwa masabata awiri. Ine masabata awiri ndinalibe, ndinali ndi masiku ochepa chabe. Ndiye ndinachita masamu anga a ulembi: ngati ntchito ya masabata awiri ikufunika mawa, umangowonjezera maola. Ndikaweruka ndinkadzaza kapulasitiki kaja mpaka kusefukira, n'kukavala pophika, pochapa, pomvera wailesi, malovu ali chuchuchu ngati khanda lomera mano. Landilodi atagogoda kudzandiuza za madzi, ndinamuyankha ndi manja pawindo, iye n'kupita akuganiza kuti ndili pa pemphero losalankhula.

Mano anayeradi, bodza ayi. Koma anayamba kumva chilichonse. M'mawa wina ndinakwera sakaramento (kuno njinga za kabaza timazitcha choncho), ndipo potsetsereka ndinayerekeza kutsegula pakamwa kuti ndimuuze woyendetsa achepetse liwiro. Mphepo ya Mzuzu inalowa m'mano mwanga ngati singano. Ndinakuwa. Mwamuna uja anamanga mabuleki mpaka tinatsala pang'ono kugwera mu ngalande.

"Amama, mwendo walowa mu sipoko?"

"Ayi, mano."

"Mano alowa mu sipoko?"

"Tiyeni, bambo, tiyeni."

Lachiwiri linafika. M'mawa wa tsikulo ndinavalanso kapulasitiki kaja kotsiriza, kungoti nditsendere. Ku kiliniki ndinalandiridwa ndi mayi wothandizira dokotala, wa nkhope yansangala, yemwe anandikhazika pampando wogonekeka uja n'kundiunika m'kamwa ndi getsi.

"Mwe! Mano anu ndi oyera chomene, asisi. Ngati a mwana."

Abale, mundimvetse. Kuyambira ndili mwana palibe munthu anayamikirapo mano anga. Anthu ankayamikira zolemba zanga, ulemu wanga, nthawi zina miyendo, koma mano ayi. Mawu amenewa anandifika pamtima ngati madzi ofunda. Ndiye dokotala atalowa, bambo wamtali wolankhula mofulumira, atavala magolovesi n'kuyamba mafunso ake, ine n'kuti ndikuyandamabe.

"Muli ndi matenda a shuga? Mtima? Pali mankhwala amene amakuwengani?"

"Ayi, adokotala."

"Mwagwiritsako ntchito mankhwala oyeretsa mano posachedwapa?"

Mayi wansangala uja anali ataima pomwepo, akundimwetulirabe. Ndikanati inde, ndiye kuti ndamulanda chisangalalo chake, ndadzilandanso changa. Komanso ndinkaganiza kuti funsolo ndi longocheza, monga momwe wometa amafunsira kuti mumadzola mafuta anji.

"Ayi ndithu. Ndi achibadwa."

Dokotala anayang'ana mano, anandiyang'ana ine, anayang'ananso mano. Anayamba ntchito. Dzino lililonse analipukuta, kulipaka guluu, kumatapo kachitsulo kakang'ono, n'kuunikira ndi kagetsi kabuluu kuti guluuyo aume. Kenaka anadutsitsa waya pa tizitsulo tonse n'kumanga ndi timphira. Pomaliza anandipatsa malamulo: chimanga chowotcha ayi, nzimbe ayi, mafupa ayi, mtedza ayi.

"Mukasunga zimenezi, tizitsuloti sitichoka mpaka nditatichotsa ndekha," anatero.

Ndinatuluka pakamwa pakulemera ngati ndameza njinga, koma ndili wonyada.

Malamulo aja ndinawasunga, Mulungu ndi mboni. Lachitatu m'mawa ndinasenda nthochi yakupsa, yofewa yoti ngakhale khanda silingatsamwe nayo. Nditangoluma ndinamva kuti tchi. Ndinathamangira pagalasi. Kachitsulo kamodzi kanali katamatuka pa dzino, koma sikanagwe, kanatsalira pa waya kakuzungulira ngati mkanda. Ndinadziuza kuti mwina zimatero, mano akuyamba kusuntha basi, ntchito yayambika msanga chifukwa ndine womvera.

Kachiwiri kanamatuka muofesi ndikuyankha foni. Ndinangoti "dipatimenti," pa "pa" pomwepo, tchi. Kachitatu kanachoka ndikuyasamula. Pofika Lachinayi madzulo ndinali nditasiya kuwerenga. Ndikapendeketsa mutu, tizitsulo tina tinkatsetsereka pa waya n'kukagundana, kulira ngati korona m'thumba. Mkulu wa dipatimenti anafunsa ngati muofesi muli chinthu chomasuka, ine n'kumuthandiza kuyang'ana pansi pa tebulo.

Ndinaimbira foni ku kiliniki. Anayankha mayi wansangala uja.

"Adokotala abwerera kale ku Lilongwe, asisi, mpaka mwezi wamawa. Mwatafuna chiyani?"

"Nthochi."

"Yaiwisi?"

"Yakupsa."

Kenaka anati ndibwere Lolemba adzaone, pakadali pano ndimate phula lomwe anandipatsa paliponse pondibaya, ndipo ndisadye cholimba chilichonse.

Tiwonge atamva anabwera ndi nzeru ina. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kachubu ka guluu uja timamatira nsapato ndi zogwirira za makapu.

"Kadontho kamodzi pa dzino lililonse, mbwenu. Ndimamatira zikhadabo za makasitomala, sizichoka."

Ndinakana. Ndikufuna zimenezi zilembedwe penapake, chifukwa pa nkhani yonseyi ndi nzeru yokhayo imene ndinachita.

Loweruka ndinadzuka msanga, ndinamata phula m'kamwa monse ngati ndikutseka denga lodontha, ndinavala chitenje chatsopano ndi mpango wanga woluka waubweya, chifukwa kunja kunali kamphepo. Tiwonge ndiye anali wondiperekeza. M'njira yonse yopita ku Zolozolo ankandiyesa mayeso a Chitumbuka.

"Akati monire?"

"Yewo."

"Akati muli uli?"

"Nili makora, kwali imwe."

"Eya. Koma usatsegule pakamwa kwambiri, ukumveka ngati chisekese."

Vitu anatichingamira pamsewu n'kutilowetsa m'tinjira ta pakati pa nyumba mpaka pa nyumba ya njerwa zootcha, yosesedwa bwino, maluwa ali m'zitini pakhonde. Kuseri kunkamveka mawu a azimayi oyandikana nawo omwe anabwera kudzathandiza kuphika (ndi kudzaona, tisanamizane). M'nyumba, pamphasa, panakhala mayi wamfupi wonenepa bwino, atamanga duku, manja ali pamiyendo. Ndinagwada.

"Monire, amama," ndinatero, milomo nditaitsegula pang'ono pokha ngati ndikuuzira tiyi.

"Mmm," anayankha, milomo ili yotseka.

"Muli uli?"

"Mmm. Makora."

Basi. Sanamwetulire. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, milomo ataimanga ngati thumba la ndalama. Ndinali nditamvapo kuti azimayi ena a kuno safuna mtengwa wakumwera, amati sitidziwa mwambo, ndipo ndinadziwa kuti zanga zathera pomwepa. Ndinakhala pamphasa n'kumanganso milomo yanga. Tinakhala choncho, azimayi awiri oyang'anizana, aliyense pakamwa pali tseke.

Vitu anavutika tsiku limenelo. Analankhula m'malo mwa tonse awiri. Anawauza mayi ake za ntchito yanga, iwo n'kuti mmm. Anandiuza ine za munda wa mayi ake wa mbatata, ine n'kuti mmm. Anakamba za msewu umene akuti aukonza, za mtengo wa simenti, za mvula ya chaka chatha. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwake ngakhale kunali kozizira. Tiwonge yekha ndiye anali pa mtendere, akuyang'ana khomo lolowera chakudya.

Chinabwera: mpunga wonunkhira wa ku Karonga ndi nkhuku ya lokolo. Inu mukuidziwa nkhuku ya lokolo, ija yakula ikuthamangitsana ndi agalu a m'Zolozolo, minofu yake ngati ya wosewera mpira. Tinasamba m'manja, beseni la madzi n'kuikidwa pambali pa amama. Iwo anatenga chipande, anasankha ntchafu yaikulu kuposa zonse n'kuiika m'mbale mwanga. Anandilozera ndi chibwano kuti ndidye.

Ndinayang'ana Vitu. Iye ankadziwa za malamulo a dokotala, koma za kumatuka kwa tizitsulo ndinali ndisanamuuze. Anandiyang'ana ndi maso opempha. Kukana nyama imene apongozi akupatsa ndi dzanja lawo, tsiku loyamba, iwo atakwiya kale? Ndinadya mpunga ndi msuzi kwa kanthawi, ndikuizungulira ntchafu ija. Amama ankangondiyang'ana, iwo osadya n'komwe. Pomaliza ndinanyotsola kachidutswa kakang'ono, ndinakalowetsa mosamala kumano akumapeto, komwe ndinkakhulupirira kuti zinthu zikadali zolimba, n'kuluma.

Sikunali tchi ulendo uno. Kunali twang'.

Kachitsulo kakumapeto, komwe kanagwira nsonga ya waya, kanamatuka. Waya uja, yemwe masiku onsewa anapindidwa mokakamizidwa, anapeza ufulu. Anawongoka n'kutulukira pakona ya mlomo wanga, kuloza kudenga ngati ndevu ya mlamba, kachidutswa ka phula kakulendewera kunsonga kwake.

Tiwonge anasiya kutafuna. Ine ndinachita zomwe ndakhala ndikuchita moyo wanga wonse, kuphimba pakamwa, koma m'malo mwa dzanja ndinakoka mpango wanga woluka uja. Waya analowa mu ulusi n'kukola. Nditayesa kuuchotsa mpangowo, mlomo unatsatira. Nditayesa kutembenuka, tizitsulo tomasuka tija tinatsetsereka n'kulira. Ndinatsala nditawerama, nditakoledwa pa mpango wanga womwe ngati nsomba, m'dzanja lina ndikadagwirabe ntchafu ya nkhuku.

"Pepani, amama," ndinayesa kunena, koma chinatuluka china chake chosakhala Chichewa kapena Chitumbuka.

Ndinamva kaphokoso kuchokera kwa amama, konga ka ketulo yoyamba kuwira. Mapewa awo ankagwedezeka. Anayesa kudzigwira, anaika dzanja pakamwa, koma zinakanika. Anaphulika kuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, mutu ataugwetsera kumbuyo. Ndipo pobwerera kutsogolo, mano awo onse akumtunda anatuluka pamodzi, anauluka pang'ono, n'kugwera m'beseni la madzi osamba m'manja kuti chubwi.

Tonse tinayang'ana m'beseni. Mano aja anali pansi pa madzi, akutisekerera.

Amama anandiyang'ana, nkhama zili pamtunda. Ine ndinawayang'ana, waya ali panja. Sindikudziwa anayamba ndani, koma tinaseka mpaka misozi, ine ndikugwira mlomo kuti usang'ambike, iwo akumenya mphasa ndi chikhatho. Azimayi a kuseri aja anathamangira pakhomo kudzaona chaphulika, ndipo atationa anagwirana mapewa n'kutsetsereka pakhoma.

"Mwana wane, mwana wane," amama anatero akupukuta maso ndi nsonga ya duku. Chichewa chawo chinali chabwinobwino, chokoma ndi kamvekedwe ka kuno. "Ine kuyambira m'mawa ndikuopa iwe. Mlongo wake wa Vitu anandigulitsa nzeru, akuti amama, mkamwana wanu ndi wa ku yunivesite, musakamulandire ndi zigweru. Anandipangitsira mano oikirira awa. Sono ndi aakulu, ndikangoti ndilankhule akufuna kutsogola. Ndinati ndikhale chete kuti ndisachititse mwana wanga manyazi."

"Ine ndimayesa simunandifune," ndinatero kudzera mu mpango.

"Yayi! Ine ndimati mwana uyu ndi wonyada, sakufuna kulankhula ndi ife osaphunzira. Kani nawenso uli ndi katundu wako m'kamwa!"

Apa ndi pomwe anandigoneka chagada pamphasa, mutu wanga pamiyendo pawo. Anatuma Vitu kukatenga chodulira zikhadabo kuchipinda, anachiviika m'madzi otentha, anandigwira chibwano n'kumasula ulusi umodziumodzi. Kenaka anadula waya wotuluka uja, azimayi a pakhomo akupereka malangizo m'zilankhulo ziwiri. Atamaliza anandisisita patsaya ngati mwana amene wabayidwa jekeseni osalira.

Nkhuku ija anaimaliza Vitu ndi Tiwonge. Ine ndi amama tinadya mpunga ndi msuzi, mbale imodzi, tikucheza ngati tinadziwana kalekale. Mano awo anawavuula n'kuwaika m'kapu pawindo, ndipo sanawavalenso tsiku limenelo.

Lolemba mayi wa ku kiliniki uja anachotsa waya wotsala ndi tizitsulo tonse, akupukusa mutu, akuti sanaonepo zotere. Anati tidikire dokotala. Mwezi umenewo ndinaukhala bwino, pakamwa popepuka, Loweruka lililonse ndili ku Zolozolo. Amama anati tsiku la dokotala tidzapite limodzi, nawonso akawachepetsere mano awo.

Tinapitadi. Iwo anakhala pabenchi m'chipinda momwemo, chikwama chili pamiyendo, atakana kudikira panja. Dokotala anatenga tizitsulo tija m'kabotolo momwe anatisungira, anatiyang'ana kumbuyo kamodzikamodzi pansi pa getsi.

"Mayi, guluu yense watsalira pa chitsulo. Pa dzino sanagwire n'komwe. Munthu akatafuna fupa sizioneka chonchi. Ndikufunseninso funso lija. Munayeretsa mano?"

Ndinayamba kukonza pakhosi, koma yankho linachokera pabenchi.

"Anapaka, adokotala, musavutike. Mnzake wa saluni anandiuza zonse. Ankagona nazo m'kamwa."

"Sindinkagona nazo, amama."

"Chete, adokotala akulankhula."

Dokotala sanakalipe. Anavula magalasi, anawapukuta, n'kundifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade wani. Anati mankhwala oyeretsa aja amagwira ntchito potulutsa mpweya wina umene umalowa m'chikopa cholimba cha dzino n'kuswa utoto wa tiyi. Koma mpweyawo suchoka tsiku lomwelo, umatsalira m'dzinomo kwa masiku ambiri. Ndipo guluu wa tizitsulo akakumana nawo sauma bwino, amangooneka ngati wagwira.

"Zili ngati kumata chigamba pa chubu cha njinga chonyowa. Mupopa, muyenda pang'ono, kenaka muli pansi. Mukanandiuza, bwenzi nditangoti tidikire masabata awiri kapena atatu, basi. Palibe mlandu kuyeretsa mano. Mlandu ndi kundibisira."

Ndinapepesa. Iye anavalanso magalasi, nkhope yake n'kumasuka.

"Chabwino, zapita. Mwayi wake papita mwezi, mpweya uja watha. Lero timatanso." Anatenga magolovesi, kenaka anaima. "Mankhwalawo munasiya liti?"

Apa ndiyenera kufotokoza. Palibe anali atandiuza kuti vuto ndi mankhwala aja. Ine ndinkaganiza kuti guluu wa dokotala ndiye anali wosachita bwino, mwina anakhalitsa m'galimoto. Kachubu ka mankhwala oyeretsa ka Tiwonge kanali kasanathe, mano anali pa mtunda opanda waya, ndipo munthu ukamapita kwa dokotala wa mano umafuna akakuone uli bwino.

"Dzulo," ndinanong'ona.

"Mwati?"

"Dzulo madzulo, adokotala. Ndi lero m'mawa pang'ono."

Dokotala anavula magolovesi aja n'kuwaponya m'bini mwaulemu kwambiri. Mayi wothandizira anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Amama pabenchi anangoti, "Chiuta wane," n'kutulutsa mano awo m'chikwama, atawakulunga m'kampango.

"Ndiye yambani ndi ine, adokotala. Awa sanapakidwe kanthu."

Ndinadikira mwezi wina. Kachubu kaja amama anakalanda tsiku lomwelo n'kukaponya m'chimbudzi cha kuseri ndi dzanja lawo, Tiwonge akudandaula kuti bola akanam'bwezera. Dokotala atamata kachiwiri tizitsulo tinagwira, ndipo tagwirabe mpaka lero. Ukwati tinamanga ndili ndi mawaya m'kamwa, ndipo pa zithunzi zonse ndikuseka pakamwa pali yasa, ine mbali ino, amama mbali inayo ndi mano awo owakwana bwino. Anthu a ku Zolozolo ena dzina langa salidziwa, amangoti mkamwana wa waya, ndipo ndikamva ndimayankha.

Mukandifunsa chomwe ndinaphunzirapo, ndinena kuti zinthu zina zimafuna kuzipatsa nthawi, ndipo ndimawauza ophunzira zimenezi muofesi ndi nkhope ya munthu wodziwa. Mwezi watha tinasamukira m'nyumba yathu ku Nkhorongo. Ndinapenta khoma la kukhitchini m'mawa, pachitini polembedwa kuti lidikire mpaka mawa lake. Masana ndinaligwira ndi chala n'kuona ngati lauma, ndipo poti amama amabwera kudzaona nyumba, ndinakankhira kabati ya mbale kukhomako kuti pakhitchini paoneke polongosoka. Vitu wayesa kuikoka, wayesa ndi anzake awiri, kabatiyo sikusuntha. Imeneyo ndiye inagwira tsiku loyamba lomwe.